Swichi ya Blue Sea 6007: kusintha batire kompyuta ili chiyakire

Swichi imeneyi sanaipangire makompyuta. Ndi ya m'maboti, momwe mumakhala mabatire awiri, lina lolizira injini, lina loyatsira magetsi. Koma kwa munthu amene kompyuta yake imadalira sola, batire ndi inveta, ndipo akufuna kuchotsa batire lomwe laphwa n'kuikapo lodzaza popanda kuzimitsa chilichonse, kachipangizo kofiira aka kamagwira ntchitoyo bwino kuposa njira zambiri zimene anthu amayesa. Kali ndi msampha umodzi wokha waukulu, ndipo tiukamba motalikirapo, chifukwa pepala la m'bokosi analembera a m'maboti.

Tiyambe ndi vuto lenilenilo. Power supply ya kompyuta ya padesiki imapirira magetsi atazima kwa mamilisekondi pafupifupi 16 kapena 17 basi ikakhala kuti ikukoka mphamvu zake zonse. Kuphethira kwa diso n'kochedwa poyerekeza. Ndiye palibe dzanja lomwe lingamasule waya pa batire ili n'kukaumanga pa lina nthawiyo isanathe. Ena amalumikiza batire lachiwiri ndi mawaya a mano aja oliziramo galimoto, kenako n'kumasula loyamba. Zimatheka, koma dzino limodzi likangoterereka, inveta yazima, ndipo likabwerera pamathetheka moto chifukwa makapasita a mu inveta amameza magetsi ambiri mwakamodzi. Swichi yosankhira batire imachotsa juga imeneyo.

Model 6007 ya m-Series ili ndi malo anayi: OFF, 1, 1+2 ndi 2. Kumbuyo kuli mabawuti atatu a 3/8 inchi (pafupifupi 10 mm), limodzi la batire loyamba, lina la batire lachiwiri, lachitatu lotulutsira magetsi kupita ku inveta. Kampani imati imanyamula 300 A mosalekeza ndipo malire ake ndi 32 V DC. Chofunika koposa ndi mmene zitsulo zake zimagundirana m'kati: imayamba yagwira batire latsopano isanasiye lakale. Pa mapepala amalemba kuti make-before-break. Mukachoka pa 1 kudzera pa 1+2 kukafika pa 2, palibe mphindi imene inveta imakhala yopanda batire, makapasita ake sakhuthuka, ndipo kompyuta sidziwa n'komwe kuti pachitika kanthu.

Nambala ya 300 A isakukopeni kwambiri. Kompyuta, sikirini ndi rauta zomwe zikudya 200 W pamodzi, kudzera mu inveta yomwe imapereka 88 peresenti ya zimene yalandira, zimakoka pafupifupi 19 A pa batire la 12 V. Swichi ili pa tchuthi pamenepo. Ubwino wake ndi woti siitentha ndipo magetsi otayikira m'kati mwake ndi ochepa kwambiri. Nambala yofunika kuisamala ndi ya 32 V ija. Pa 12 V ndi pa 24 V zili bwino, ngakhale pamene mabatire a 24 V akutchajidwa n'kufika cha ku 29 V. Ngati makina anu ndi a 48 V, isiyeni pa shelefu.

Kalumikizidwe kake n'kosavuta. Manegetivi a mabatire onse awiri amakumana pa chitsulo chimodzi pamodzi ndi negetivi ya inveta. Pozitivi ya batire lililonse imadutsa pa fyuzi yakeyake, yomwe ikhale pafupi kwambiri ndi batire, osapitirira masentimita 18, kenako n'kupita pa bawuti 1 kapena 2. Pa inveta ya 600 W ya 12 V, yomwe ikalemedwa imatha kukoka zoposa 60 A, waya wa kopa wa 16 mm² ndi fyuzi ya 80 A n'zoyenera ngati mawaya ndi aafupi. Pa mabatire a lithiamu, fyuzi ya Class T ndiyo ili ndi mphamvu zodula magetsi a shoti, omwe pa mabatire amenewa amafika maampu masauzande. Malagi, zitsulo zabowo zomangira kunsonga kwa waya, akhale a bowo la 10 mm, ofinyidwa ndi chofinyira chenicheni, osati pulayazi. Lagi igone mwachindunji pa chitsulo cha swichi. Washala amabwera pamwamba pake, osati pansi. Washala wachitsulo akakhala pansi pa lagi amasanduka kachitofu: malo olumikizira okhala ndi resistance (kukaniza magetsi kudutsa) ya 10 mΩ chabe amadya 0.2 V ndipo amatulutsa kutentha kwa 4 W pa 20 A, koma pa 60 A amatulutsa 36 W, zokwanira kufewetsa pulasitiki.

Apa ndi pomwe tili ndi dandaulo loyamba. Swichiyi ndi yaying'ono, ndipo mabawuti atatu ali mothinana. Mawaya onenepa atatu akalowa, malo opindira sakhalapo. Ganizirani za mbali imene waya aliyense adzatulukire musanaboole thabwa, ndipo valikani malagi ndi heat shrink, kachubu ka pulasitiki kofota ndi kutentha, mpaka m'khosi. Sipanala ikagwa pakati pa bawuti 1 ndi 2 si tsoka lalikulu, koma ikagwa pakati pa bawuti ndi negetivi, muona zakuda.

Kuti batire lizichotsedwa mosavuta, pakati pa fyuzi ndi swichi pakhale pulagi ya Anderson SB50 ngati inveta ndi yaing'ono, kapena SB120 ngati ndi yokulirapo. Mapulagi amenewa salowa chozondoka, ndipo a mitundu yosiyana salowana. Mwambo wake ndi woti achikasu ndi a 12 V, ofiira a 24 V, otuwa a 36 V, abuluu a 48 V. Anthu ambiri amangogula otuwa pa chilichonse, zomwe si mlandu, bola m'nyumba imodzi musakhale mabatire a 12 V ndi a 24 V okhala ndi pulagi yofanana.

Tsopano msampha uja. Pa 1+2 mabatire awiri amakhala atamangidwa pamodzi, pozitivi ku pozitivi, popanda chotchinga chilichonse pakati kupatula waya ndi fyuzi. Lodzaza limayamba kukhuthulira magetsi mu lophwa, ndipo kuchuluka kwake kumadalira zinthu ziwiri: kusiyana kwa mavolti ndi resistance ya njira yonse.

Tiyeni tiwerengere. Mabatire awiri a AGM (a asidi otsekedwa) a 100 Ah, lililonse lili ndi resistance ya m'kati ya 5 mΩ, mawaya ndi mafyuzi akuwonjezera 3 mΩ, zonse pamodzi 13 mΩ. Latsopano lili pa 12.8 V, lakale likusonyeza 12.1 V likugwira ntchito. Kusiyana ndi 0.7 V. Gawani 0.7 ndi 0.013, mupeza pafupifupi 54 A zikutuluka mu batire latsopano mutangopotokola. Pa zimenezo, 19 A zikupita ku inveta, 35 A zikulowa mu batire lakale. Kwa mabatire a asidi izi si kanthu. Mavolti a lakale amakwera msanga likayamba kulandira, magetsiwo n'kutsika m'masekondi ochepa.

Pa LiFePO4, mtundu wa mabatire a lithiamu, nkhani imasintha. Mabatirewa resistance yawo ndi yochepa, ndipo mavolti awo sagwedezeka msanga. Latsopano likhale pa 13.4 V, lakale mwalikama mpaka 12.4 V, njira yonse ili ndi 8 mΩ. Imeneyo ndi 125 A. Mabatire ambiri a 100 Ah ali ndi BMS ya 100 A, kachipangizo ka m'kati mwa batire kodula magetsi akapitirira malire. BMS ya batire lakale ikadula chifukwa likulandira zochuluka, palibe chovuta, yangotseka khomo lolowera. Choopsa ndi BMS ya batire latsopano kudula chifukwa likutulutsa zochuluka. Pa 1+2 simuona chilichonse, poti lakale likadanyamulabe katundu. Fani ya inveta ikungolira mwa nthawi zonse. Mumapotokola kufika pa 2 ndi mtima wonse, zonse n'kuti zii. Swichi yachita ntchito yake ndendende, yakuperekani m'manja mwa batire logona.

Zomwezo zimachitika ngati fyuzi ya batire latsopano inapsa kale, kapena pulagi sinalowe mpaka kumapeto. N'chifukwa chake kugula swichiyi popanda multimeter ndi clamp meter (mita yokoleka pa waya yoyeza maampu) ya DC kuli ngati kugula theka la chipangizo. Onetsetsani kuti clamp meter ndi ya DC; zotchipa zambiri zimayeza AC yokha ndipo pa waya wa batire zimangosonyeza ziro.

Ndondomeko imene timalimbikitsa ndi iyi, titayerekeza kuti muli pa 1 ndipo mukufuna kupita pa 2.

Zimitsani kaye mbali ya mapanelo pa breaker yake ya DC. Sungani ntchito iliyonse pa kompyuta, ndipo ngati ikukopera mafayilo ku disiki ina kapena RAID (madisiki angapo ogwira ntchito ngati imodzi) ikudzimanganso, dikirani ithe ngati batire likulola. Lowetsani pulagi ya batire latsopano. Swichi ili pa 1, mbali imeneyo ndi yosalumikizika, ndiye sipathetheka. Ikani multimeter pa DC, ndodo imodzi pa bawuti 1, ina pa bawuti 2. Nambala imene mukuona ndiyo kusiyana kwa mabatire awiriwo, poyezera pa swichi penipeni, kutanthauza kuti fyuzi ndi pulagi zayesedwa nazo limodzi. Ikasonyeza 0.3, zili bwino; 0.6 ili bwino pa mabatire a asidi okha. Ikasonyeza ziro kapena nambala yosakhazikika, n'kutheka kuti batire latsopano silikufika pa swichi. Ikasonyeza cha mu 25, imani pomwepo: batire lalumikizidwa chozondoka, ndipo kupotokola kungakhale kupanga shoti ya mabatire awiri otsatizana.

Kenako yesani ngati batire latsopano lili maso. BMS yotseka nthawi zina imadonthetsabe timagetsi tokwanira kunamiza multimeter, n'kusonyeza 13 V pomwe silingayatse ngakhale tochi. Babu la kutsogolo kwa galimoto la 55 W, lokhala ndi mawaya awiri, limathetsa kukayika. Ligunditseni pakati pa bawuti 2 ndi negetivi. Limakoka pafupifupi 4.5 A, ndipo likawala mwamphamvu n'kukhala chiwalire kwa masekondi khumi, batire ndi lamoyo. Babu lomwelo limathandiza kutsitsa mavolti a pamwamba a batire lomwe langochoka kumene pa chaja, lomwe limatha kusonyeza 14 V kwa kanthawi. Pa makina a 24 V mufunika mababu awiri otsatizana kapena babu la 24 V.

Tsopano kolekani clamp meter pa waya wa batire latsopano, potokolani kufika pa 1+2, ndipo yang'anani. Muone magetsi akukwera, kenako akuyamba kutsika pang'onopang'ono koma osafika pa ziro. Masekondi atatu mpaka asanu akwana. Akagwa mwadzidzidzi kufika pa ziro, BMS yadula. Bwererani pa 1. Akakhazikika, pitirirani pa 2, ndipo clamp isonyeze maampu a katundu wanu, 19 A pa chitsanzo chathu chija. Pamenepo zulani pulagi ya batire lakale, yatsaninso mapanelo. Zonsezi sizitenga mphindi ziwiri dzanja likazolowera.

Malire athu pa kusiyana kwa mavolti: pa mabatire a asidi sitidera nkhawa mpaka pafupifupi 1 V. Pa LiFePO4 timafuna pasapitirire 0.4 V, ndipo njira yake ndi kusintha batire lisanaphwe kwambiri. Mavolti a LiFePO4 amakhala pakati pa 13.0 ndi 13.3 V kwa gawo lalikulu la ulendo wake, kenako amagwa mwachangu kumapeto. Mukasintha likadali pa 13.0 V, kusiyana kumakhala kochepa. Mukadikira kuti inveta iyambe kulira alamu, mwachedwa kale, ndipo mukuchita zinthu ndi manja onjenjemera.

Dandaulo lachiwiri ndi lalikulupo. Kuchokera pa 1, mbali imodzi kuli 1+2, mbali inayo kuli OFF, ndipo palibe loko kapena chotchinga choletsa dzanja kupita kolakwika. M'boti kuphonya koteroko kumazimitsa nyali. Pano kumazimitsa kompyuta pakati pa kulemba pa disiki. Zilembo zake zimaoneka bwino masana, koma ntchito imeneyi imachitika kawirikawiri usiku, mutagwada pansi pa tebulo tochi ili kukamwa. Jambulani muvi waukulu pa thabwa, kapena mangani kathabwa kakang'ono koletsa chopotokolera kufika pa OFF. Palibenso kanyali kosonyeza batire lomwe likugwira ntchito. Timamita ta mavolti tiwiri, kamodzi pa bawuti 1 kena pa bawuti 2, timathandiza kwambiri, ngakhale timadya timagetsi usana ndi usiku.

OFF ili ndi ngozi ina yokhudza charge controller, kachipangizo kolamulira mmene mapanelo amatchajira batire. Ngati kontirola yalumikizidwa pa bawuti lotulutsira, kuti izitchaja batire lililonse lomwe lasankhidwa, kudutsa pa OFF dzuwa lili pamutu kumaisiya ili ndi mapanelo koma yopanda batire. Mabuku a makontirola ambiri amanena momveka kuti batire lilumikizidwe poyamba, mapanelo pambuyo, ndipo pochotsa muyambe ndi mapanelo. Batire ndi limene limagwira mavolti kuti asalumphe. Likachoka mwadzidzidzi, mavolti amatha kukwera n'kuwononga kontirola kapena inveta. Makontirola ena amadzisankhira okha 12 V kapena 24 V poyaka, ndipo akayaka mosokonezeka amatha kusankha molakwika. Ichi ndi chifukwa chake ndondomeko ija imayamba ndi kuzimitsa mapanelo. Chifukwa china n'choti kontirola ikamathira magetsi, mavolti a batire lakale amaoneka okwera kuposa mmene alili, muyezo wanu n'kukhala wabodza.

Amene ali ndi shunt yowerengera magetsi olowa ndi otuluka, monga SmartShunt ya Victron, akumbukire kuti chipangizocho sichidziwa kuti batire lasinthidwa. Chipitiriza kunena 45 peresenti pa batire lodzaza. Muyenera kuchiuza nokha pa app, apo ayi batire lililonse likhale ndi shunt yake.

Kodi swichiyi imalola kusakaniza batire la asidi ndi la lithiamu? Kwa masekondi asanu a pa 1+2, zimatheka ngati kusiyana kwa mavolti kuli m'malire aja. Kuwasiya pamodzi ndiye ayi. Lithiamu lopuma limakhala pamwamba pa 13 V, la asidi lodzaza limakhala cha mu 12.7 V, ndiye lithiamu lizingothira mwa mnzake. Kontirola nayonso ili ndi makonzedwe amodzi okha. Ikakhala ndi equalize, katchajidwe ka mavolti okwera ka mabatire a madzi, yomwe imakwera kupitirira 15 V, BMS ya lithiamu idula.

Pali maswichi ambiri pa intaneti ofanana ndi imeneyi maonekedwe, ofiira, okhala ndi malo anayi omwewo, opanda dzina lodziwika. Ena ndi abwino ndithu, ena amasiya batire loyamba asanagwire lachiwiri. Kuyesa n'kosavuta, ndipo kuyenera kuchitika ngakhale pa yeniyeni isanamangidwe. Lumikizani bawuti 1 ndi bawuti 2 onse ku pozitivi ya batire limodzi, babu laling'ono la LED pa bawuti lotulutsira, kenako potokolani pang'onopang'ono kwambiri kuchoka pa 1 mpaka pa 2, muli m'chipinda cha mdima. Likaphethira ngakhale kamodzi, swichiyo si ya ntchito imeneyi. Kabelu ka continuity ka multimeter, komwe kamalira njira ya magetsi ikalumikizika, musakadalire pano, kamachedwa kuyankha.

Ena adzafunsa za madayodi, tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Mabatire awiri atha kudyetsa inveta kudzera mu dayodi lililonse, ndipo pamenepo lodzaza silithira mu lophwa, palibenso chopotokola. Dayodi ya Schottky imadya pafupifupi 0.4 V, zomwe pa 19 A ndi kutentha kwa 7 kapena 8 W kosalekeza, ndipo inveta imaona mavolti otsika n'kuzima msanga. Ma ideal diode a MOSFET amachepetsa kutayika kumeneko kwambiri, ndipo kwa makina omwe amasiyidwa opanda munthu ndi abwino kuposa swichi. Koma magetsi otchajira sadutsa chobwerera, ndiye kutchaja kumafuna njira yakeyake, komanso pozula batire loyamba palibe chokutsimikizirani kuti lachiwiri lanyamula, kupatula clamp meter yomwe ija. Swichi ilibe zamagetsi zopsa m'kati, ndipo munthu aliyense amaimvetsa akaiona.

Chenjezo kwa amene akuganiza zoimangirira ku UPS ya mu ofesi, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akazima, m'malo mwa inveta. Mawu akuti hot-swappable pa UPS amatanthauza kuti batire lingasinthidwe pamene UPS ikulandira magetsi a pakhoma, osati pamene ikuyendera batire. Komanso mu ma UPS ena mawaya a batire sanalekanitsidwe ndi magetsi a pakhoma, ndiye bawuti losavala la swichi litha kukugwirani. Ang'onoang'ono ambiri alibe fani, anapangidwira mphindi khumi, osati maola. UPS yaing'ono ili ndi malo ake abwino: pakati pa inveta ndi kompyuta, ngati ukonde wowakha zinthu dzanja likaphonya n'kupita pa OFF. Zimenezi zimayenda ngati inveta ndi ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a pakhoma. Ma UPS ambiri amakana modified sine wave, amangoti tcha tcha kusinthasintha mpaka batire lawo litatha.

Ndani ayenera kugula? Amene amanyamula batire kukalitchaja kwina, amene ali ndi mabatire osiyana zaka kapena kukula omwe sayenera kukhala pamodzi, ndi amene ali ndi seva kapena makamera omwe sangazimitsidwe pa tsiku losintha batire lokalamba. Kwa amenewa 6007 ndi yolimba, imapotokoka motsimikiza, malo alionse amamveka m'dzanja kuti mwafika, ndipo ndi ya ignition protected, kutanthauza kuti moto wa m'kati mwake suyatsa mpweya woyaka wa kunja. Chitetezo chimenecho ndi cha swichi yokha. Pulagi, babu loyesera ndi sipanala zilibe, ndipo batire la madzi lomwe langotchajidwa limatulutsa haidrojeni. Tsegulani mawindo, vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, kulungani sipanala ndi tepi.

Koma ngati muli ndi mabatire awiri ofanana mtundu, kukula ndi zaka, ndipo onse amakhala pamalo amodzi, kuwasinthanitsa n'kudzivutitsa. Batire la asidi la 100 Ah lokha, pa 19 A, limafika pa theka m'maola awiri ndi theka. Awiri omangidwa pamodzi amagawana katundu, lililonse likukoka zosakwana 10 A, ndipo batire la asidi limapereka zambiri likamakokedwa pang'onopang'ono, ndiye amapitirira maola asanu aja amene mukanapeza powasinthanitsa. Pamenepo swichi ikhale pa 1+2 masiku onse, muziigwira pokhapokha tsiku limene batire limodzi likuchotsedwa. Mwezi uliwonse, katundu ali chiyakire, ikani multimeter pa mamilivolti, ndodo imodzi pa lagi ya batire, ina pa lagi yotulutsira. Pa 20 A muone mamilivolti ochepa chabe. Nambala ikayamba kukwera kufika pa 50 kapena 100, pali nati yomwe yakhwefuka. Zulani mapulagi onse awiri musanaimange.